Mpunga wa m'Sitima

Bambo anga, a Mérilus, ankadziwa madzi a Artibonite
monga mwamuna adziwa kutsokomola kwa mkazi wake mumdima.
Akangoviika chala m'ngalande
ankanena kuti kumapiri mvula inagwa dzana,
ndipo sankaphonya.

Chaka chimene ndinaguluka mano akutsogolo
anthu a majekete anasaina pepala ku Port-au-Prince.
Ife sitinalione.
Tinangomva pa wailesi ya Occilien wometa tsitsi
kuti msonkho wa padoko watsitsidwa,
kuti tsopano wosauka adzadya motchipa.
Amayi anaomba m'manja.
Ndikukumbuka bwino, anaombadi.

Sitima zinabwera.
Matumba oyera olembedwa chiyankhulo cha eni,
mpunga wautali, wopanda kamwala ngakhale kamodzi,
wosafuna lichero.
Wathu wofiirira uja, wonunkhira dothi,
unakhala pa msika wa Pont-Sondé kuyambira mbandakucha
mpaka ntchentche zinatopa nawo.
Bambo anabwerera nawo madzulo,
bulu akudabwa kuti bwanji katundu sanapepuke.

Amati mlimi wa kutsidya kwa nyanja
boma lake limamugwira dzanja mbewu isanamere.
Bambo ankagwiridwa dzanja ndi wakatapila yekha.
Mpikisano, anatero a pawailesi.
Mwanapiye ndi kabawi pabwalo limodzi,
eti mpikisano.

Chigayo cha Dieuseul chinaleka kulira.
Ngalande inamera udzu, kenako mabotolo.
Anténor, mlongo wanga, anaponya khasu,
natenga chikwanje, nakwera phiri.
Makala sabwera pa sitima, anatero,
amenewa okha sanatilande.
Anayamba ndi mitengo youma,
kenako yaiwisi,
kenako mango aja tinkabisalamo tikathawa sukulu.
Utsi wake tinkauona tili kuchigwa, woonda ngati ulusi,
ndipo ndi ulusi umenewo tinasokera mimba zathu
zaka zisanu ndi ziwiri.

Phiri ukalivula silichita manyazi.
Limangodikira.

Mvula ya Seputembala inatsika ndi dothi lonse,
ndi mbuzi, ndi chitseko cha tchalitchi,
ndi mbale zili m'dengu momwe amayi anazitsukira.
Anténor anapulumuka atakumbatira chitsa
cha mtengo umene anadula yekha.
Sanakambepo za usiku umenewo.
Anawoloka malire kukadula nzimbe za eni,
ndipo kalata yake yomaliza inalibe adiresi.

Munda wa bambo unakwiririka ndi miyala ya m'phiri.
Sabata itatha, malole a chithandizo anafika
natiimika pamzere padzuwa.
Anatigawira mpunga.
Womwewo. Thumba loyera lija.

Lero wogulitsa ndine.
Ndimayeza ndi chitini, n'kuonjezera kadzanja kwa kasitomala wakale.
Sindinganame: ana anga akulira mpunga umenewu,
yunifolomu ndi makope zachokera m'thumba lomweli.
Koma chaka chimene mtengo unakwera kwa eni akewo
tinatembenuka kuti tithawire kumunda,
ndipo kumbuyo kwathu kunalibe munda.
Chitini chinali chomwecho,
mphika ndiwo unakula.

Loweruka lililonse bambo amabwera ndi ndodo yawo,
amaima pamzere ngati mlendo,
amagula chitini chimodzi.
Ndikakana ndalama amaziika pansi pa mwala wa sikelo.
Kunyumba amathira mpungawo m'lichero
n'kuyamba kupeta,
kupeta chinthu chopanda mankhusu,
maso ali tcheru kufuna kamwala
koti kawauze kuti chakudyachi chinagonapo padothi.

Pansi pa bedi amasunga botolo la mbewu yakale,
chivindikiro chomata ndi phula la kandulo.
Chaka ndi chaka amaitulutsa kuti iwothe dzuwa,
podikira tsiku limene ngalande idzatsegulidwe.

Mwezi wathawu ndinabako njere khumi,
ndinazikulunga m'kansalu konyowa,
ndinazibisa kuseri kwa mtsuko.
Ndadikira masiku khumi ndi anayi.
Palibe yamera.

Mawa ndi Loweruka.
Ndiwapatsa chitini chodzaza bwino,
ndiwafunsa za bondo lawo.